Tsitsi la Lumo Kyi ndi Mchira wa Nakmo

Kwathu kuno ku Rebgong aliyense ali ndi chake chimene amanyadira. Wina amanyadira ng'ombe, wina mwana amene ali pasukulu ku Xining, koma a Chakdor ankanyadira manja. Sikuti anali okongola, ayi. Zala zinali zopindika, ndipo chala chachikulu chinali chitabookabooka ndi singano. Chimene ankanyadira n'chakuti manjawo sanadetsepo nsalu yopatulika. Zaka zonse zimene anakhala akusoka thangka, nsalu za zithunzi za Buddha ndi oyera ena zimene timapachika m'nyumba ndi m'kachisi, sananyowetsepo ulusi ndi malovu kapena kuudula ndi mano. Tsiku losoka nkhope sankalawa adyo, ndipo ankamanga kansalu kukamwa kuti mpweya wawo usamugwere Buddha kumaso. Mukawapatsa mpata ankakufotokozerani zonsezi, ndipo mukapanda kuwapatsa ankaupeza okha.

"Ine za moyo ukubwerawu sindida nazo nkhawa," ankatero uku akukanda tsampa, ufa wathu wa barele wokazinga, m'mbale yawo yamtengo. "Ndikafa ndidzabadwanso munthu, mwinanso m'nyumba yabwinoko. Koma anthu ena m'mudzi muno, sinditchula maina, akonzekeretu miyendo inayi."

Lamulo limene ankaligwiritsitsa kuposa onse linali la tsitsi. Bambo awo, amene anawaphunzitsa ntchitoyi ndi mbama zambiri ndi mawu ochepa, anawauza ali mnyamata kuti tsitsi la munthu ndi nyansi. Wolisokera pa thangka adzabadwa nsabwe, kuti akakhale m'tsitsimo mpaka likamukole. A Chakdor sanafunse kuti zinalembedwa pati. Anangozimeza, ndipo zinakhazikika m'mimba moyo wawo wonse.

Ubweya wa hatchi wokha ndiye unalibe mlandu, ndipo mwayi wake, chifukwa popanda umenewo ntchito yathu palibe. Thangka zakuno timadula tizidutswa ta silika n'kumatilumikiza, ndipo mzere uliwonse, kaya wa chala, wa duwa kapena wa chikope, ndi kaubweya ka kumchira wa hatchi kokulungidwa ndi ulusi wa silika. Ntchito yokulungayo inali ya akazi awo, a Lumo Kyi. Ankakhala pawindo, ubweya uli pantchafu, n'kumapota tsiku lathunthu. Ubweyawo ankazula kwa Nakmo, hatchi yawo yaikazi yakuda bii, pang'onopang'ono, akuiyankhula bwinobwino. Anthu akamayamikira kuti mizere ya a Chakdor ndi yosalala, a Chakdor ankavomera ndi mutu modzichepetsa, ndipo a Lumo Kyi ankapita kukathira tiyi.

Silikayo amachokera kumunsi, kwa Matchaina a ku Suzhou. Ife timamugula, timamudula, timamusoka, n'kukawagulitsa eniake omwewo pamtengo woti akaumva amayamba agwira khoma. Iwo amati wayera chifukwa wapuma mpweya wa kumapiri, ndipo ife sititsutsa. Pamenepo n'kuti amonke athu akuitanitsa nsalu zonyezimira zosokedwa ndi makina kumunsi komweko, ati zimaoneka bwino nyali zikayaka. Aliyense amakhulupirira kuti zopatulika zenizeni zili kwa mnzake, ndipo amene amapindula ndi a malole.

Zinthu zinayamba kusokonekera chaka chimene kunabwera Mayi Shen, mwini fakitale ya makatani ku Suzhou komweko. Anatsika m'galimoto atavala mikanda yopempherera mitundu itatu, m'manja muli kabotolo ka mpweya kamene ankakoka akangoyenda pang'ono, poti mapiri athu saona kuti uyu ndi wolemera. Atangoona a Chakdor pakhomo, ndevu zili mbuu ndi ufa wa barele, anagwada n'kugunditsa chipumi pansi. A Chakdor anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwawo kwaima mmonke.

Womasulira anali Sertso, mwana wamkazi wa a Chakdor, mphunzitsi wa ku pulayimale.

"Ababa, akuti amayi awo adwala nthawi yaitali, ndiye analumbira kuti apereka thangka ya Guanyin."

"Ndani ameneyo?"

"Chenrezig, ababa. Mwini chifundo."

"Ndiye bwanji osangonena choncho?"

"Kwawoko ndi wamkazi."

"Wamkazi? Anayamba liti?"

"Akangotsika mapiriwa basi."

A Chakdor anaganiza kaye. "Chabwino. Chifundo chilibe ndevu. Tisoka."

Apa m'pamene Mayi Shen anatsegula chikwama n'kutulutsa kabokosi kofiira. M'katimo munali tsitsi loluka, lalitali ngati mkono, lofiirira ndi mankhwala a ku saluni. Anavula chipewa, mutu uli mpala, n'kuyamba kulira. Sertso anafotokoza kuti kwawoko kuli mwambo wakale: akazi opemphera ankazula tsitsi lawo n'kusokera Guanyin, kuti thupi lawo lenilenilo likhale pansaluyo. Mayi Shen singano sankaidziwa, anali ndi antchito mazana oidziwa m'malo mwawo, ndiye anaona kuti ndi bwino tsitsilo alisoke munthu woyera wa kumapiri.

A Chakdor anabwerera m'mbuyo. "Uwauze kuti pano si pometera."

Sertso anayankhula Chitchaina chachitali ndi chofewa, chimene sichinafanane m'pang'ono pomwe ndi zimene anamutuma. Mayi Shen anapukuta misozi n'kutchula mtengo. Mtengowo utamasuliridwa, a Chakdor anayang'ana kudenga, paja pamadontha chaka ndi chaka, ndipo anamva chifundo chikuwalowa.

"Uwauze asiye pamenepo. Osati pansalu, iwe! Pampando."

Alendo atapita, a Lumo Kyi anatola tsitsi lija n'kuliyala pamiyendo. Analisisita nthawi yaitali.

"Munthu kumeta zonsezi chifukwa cha amake," anatero. "Bambo a Sertso, ine ndikadzafa, yanga mudzasoke ndi langali."

Ankanena thangka ija timasoketsa munthu akamwalira, imene iyenera kutha masabata asanu ndi awiri asanakwane, kuti imuunikire njira pamene akufunafuna kokabadwira.

"Mwayamba misala, amake Sertso? Mukufuna ndidzabadwe nsabwe?"

"Mukadzabadwa nsabwe mudzandifunefune, mudzakhale m'mutu mwanga. Ndidzakusungani. Kodi zaka zonsezi amakusungani ndani?"

"Zocheza zimenezo ayi. Manja awa sadzagwira tsitsi la munthu, kaya la mfumukazi, kaya lanu."

"Nanga la mayiwa mulitani, poti ndalama mwalandira?"

A Chakdor anayang'ana kukhola.

A Lumo Kyi anakaniratu. Anati ubweya wa mizere azula monga mwa masiku onse, koma wa bodza akazule eniake. A Chakdor anapitadi, osapereka ndi moni yemwe, ndipo Nakmo inawalandira ndi chiboda pantchafu. Anabwerako akutsimphina, koma ubweya uli m'manja. Anausoka wosakulunga, wakuda, wonyezimira, kuyambira pamphumi pa Guanyin mpaka m'mapewa, ndi nsidze zomwe. Kunena zoona inali thangka yokongola. Munthuyu anali wodzitama, koma singano ankaidziwa.

Mayi Shen atabwera kudzatenga, a Chakdor anaima pafupi ndi chitseko kuti zikavuta asavutike kutuluka. Nsalu yophimba itachotsedwa, mayiwo anayang'ana, n'kuyandikira, n'kukuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Chakdor, mwendo umodzi uli kale panja.

"Akuti tsitsi lawo lada, ababa. Analibweretsa lofiira, koma lada. Akuti lakhuthalanso. Ndi mmene linalili ali namwali."

"Ndiye akwiya?"

"Akuti ndi chozizwitsa."

A Chakdor anabweza mwendo uja m'nyumba, n'kupinda manja pachifuwa, maso pansi, monga amachitira munthu amene zozizwitsa zinamuzolowera. Ndiye kuti zinthu ziipiretu, amayi awo a Mayi Shen anadzukadi mwezi womwewo n'kuyambiranso kukalipira antchito.

Nkhani inayenda pafoni kuposa moto wa kudambo. Ku Suzhou, ku Hangzhou, ku Shanghai, kulikonse kunamveka kuti kumapiri kuli mkulu wina amene manja ake amadetsa tsitsi la munthu wachikhulupiriro. Timabokosi tinayamba kufika pa positi. Lofiira, lachikasu, la imvi, lopiringizika ndi makina, lonse linkabwerera kwa eniake lili bii. Denga linakonzedwa, kenako linakonzedwanso ngakhale silinkadontha. Amene anaonda ndi Nakmo. Mchira unatsala ngati tsache lotha, ntchentche zinkachita nayo phwando, ndipo ikangomva kutsokomola kwa a Chakdor inkatembenuza msana n'kukonzekera.

Vuto linali tsitsi lenileni lija. Kulitentha sikutheka, chifukwa fungo lake limakwiyitsa mulungu wa pamoto. Kulitaya sikutheka, chifukwa mbalame ikamangira chisa mwiniwake mutu sumupola. A Chakdor anati lingoponyedwa m'chipinda chapamwamba, pamodzi ndi zishalo zakale. Koma a Lumo Kyi ankakulunga mtolo uliwonse m'kansalu kakekake, ndipo ankaidziwa yonse.

"Uyu ndi mtsikana, taonani mmene likuterera. Uyu akudwala, likuthothoka lokha. Uyu anameta ndi sizasi yobuntha, manja akunjenjemera."

"Musandionetse zonyansazo ndikudya," ankatero a Chakdor.

M'mawa uliwonse popita kukazungulira kachisi, a Lumo Kyi ankaika mitolo ingapo m'thumba lachikopa n'kuliberekera kumsana. Ankati poti eniake anapereka kuti lifike kwa Buddha, bola lizimuzungulirako panja. Madzulo ankaibweza, mawa n'kutenga ina. Wa Mayi Shen wokha, poti ndi umene unayamba, sunkachoka m'thumbamo.

Tsiku lina kunabwera a Tsultrim, mchimwene wawo wa a Lumo Kyi, mmonke wonenepa amene anawerenga mabuku ambiri koma ankakonda tiyi wa mlongo wawo kuposa onsewo. Anamva nkhani yonse uku akunyika buledi m'tiyi.

"Alamu," anatero, "ine mabuku ndawavundukula mpaka maso kufiira. Za tsitsi ndi nsabwe sindinazionemo."

"Ndiye kuti simunafike tsamba lake. Bambo anga ananena."

"Bambo anu ankadana ndi tsitsi la munthu chifukwa limaterera, silimvera singano. Koma za bodza, alamu, zimenezo ndiye zilimo. Masamba ndi masamba. Muli ndi zithunzi zomwe za chilango chake."

"Bodza lake liti? Ine ndinayamba ndauzapo munthu kuti ili ndi tsitsi lanu? Amanena okha. Ine Chitchaina sindichidziwa n'komwe."

"Mukawafotokozere choncho oweruza akufa. Ndamva kuti ali ndi omasulira abwino."

"Achimwene," analowererapo a Lumo Kyi, "poti m'mabuku mulibe, auzeni alamu anuwa kuti yanga adzasoke ndi langa."

"Mwayambanso?" anakalipa a Chakdor. "Ndinakana, ndikukana, ndidzakana."

Nkhaniyi inkabwera kawirikawiri, ndipo anthu ankaiyesa nthabwala ya m'banja. Sinali nthabwala. A Lumo Kyi anapota mizere ya thangka zosawerengeka, ndipo pa zonsezo panalibe kanthu kamodzi kooneka kamene akanaloza n'kunena kuti aka ndi kanga. Ntchito yawo yonse inali yobisika m'kati mwa silika. Ankasirira akazi achilendo aja, ngakhale ankadziwa kuti akugwadira mchira wa hatchi, chifukwa iwowo anali atapempha chinthu ndipo dziko linachita ngati lawamvera.

Chilimwe china a Lumo Kyi anayamba kuonda. Ku chipatala cha ku Xining anawajambula, n'kuwapatsa mankhwala, n'kuuza Sertso kumbali kuti apite nawo kunyumba azikadya chimene akufuna. Atabwerako, chinthu choyamba chimene anapempha chinali chakuti Nakmo iomboledwe. Aliyense anavomera, poti ndi mmene timachitira munthu akadwala: timapatula chiweto n'kuchipereka kuti chikhale ndi moyo wake, ndipo moyo wa wodwalayo umatalikirako. A Chakdor anathamanga okha kukaitana alamu awo. A Tsultrim anapemphera, anathira mkaka pamutu pa Nakmo, anapaka batala pamphumi, n'kumangirira tinsalu tamitundumitundu pa ubweya wa pakhosi. Kuyambira tsiku limenelo hatchiyo sinalinso yokwera, yogulitsa, kapena yozula ngakhale kaubweya kamodzi.

Mwambo uli m'kati, a Chakdor anaona akazi awo atatsamira khoma, atafunda chikopa cha nkhosa, akumwetulira. Anayesa kuti akupeza bwino. Zinawatengera masiku kuti azindikire chimene chinachitika.

"Mwanditchera msampha, amake Sertso."

"Ine? Ine ndikudwala."

"Mahatchi ndi ambiri. Kumsika michira ili mbwee."

"Kaguleni. Koma ine sindine Mayi Shen. Mchira wa hatchi ndimaudziwa ngakhale nditatseka maso, ndipo posachedwapa nditsekadi."

Anatuma Sertso kuti abweretse sizasi. Tsitsi lawo linali la imvi lokhalokha, lopyapyala, lonunkhira batala ndi utsi. Sertso anameta akulira. Mayi ake analiluka okha, n'kulikulunga m'kansalu monga ankachitira ndi la anzawo, n'kuliika pamwamba pa bokosi la silika, pamene a Chakdor sakanatha kutsegula osalikhudza. Anamwalira barele atangokololedwa.

Amonke atawerengera nyenyezi ananena kuti thangka yawo ikhale ya Drolma Woyera, mayi wopulumutsa. A Chakdor anachotsa kamtolo kaja ndi timitengo tiwiri todyera, n'kutsegula bokosi. Ntchito inayenda. Mizere anagwiritsa imene a Lumo Kyi anasiya atapota, ndipo inakwanira ndendende, ngati kuti mayiwo anayezeratu. Duwa linatha, manja anatha, nkhope inatha. Panatsala mutu, uli mpala, ndipo masabata anali kutha.

Anakwera basi kupita kumsika wa m'tauni. Kwa wogulitsa zishalo kunali michira yolendewera, yakuda, yonenepa.

"Uwu ndiye weniweni, madala," anatero wogulitsayo. "Wa hatchi ya mpikisano. Gwirani muone."

A Chakdor anaugwira. Unali wabwino kuposa wa Nakmo. Palibe akanadziwa kupatula Sertso, ndipo Sertso anazolowera kumasulira zinthu mofewa. Nsabwe a Chakdor ankaiopa ndithu, musaganize kuti mantha anatha. Ankadziona ali kakang'ono, koyera, akuthawa chipeso. Koma ali chigwirire mchirawo, china chinawabaya kuposa manthawo. Akazi onse aja amene anawapusitsa anali ndi munthu wowaberekera tsitsi kukachisi m'mawa uliwonse. A Lumo Kyi akapusitsidwa, adzawaberekera ndani?

"Mugula kapena mukungousisita?"

"Ukununkha," anatero a Chakdor, n'kuusiya. Unalibe fungo lililonse.

M'mawa mwake anakhala pawindo, pamalo paja, n'kumasula kansalu ndi manja awo enieni. Bambo awo sananame pa chinthu chimodzi: tsitsi la munthu silimvera. Linkaterera, linkapindika, linkaduka akangolikoka. Pa diso la singano linkafika n'kukhota. Anayesa ndi magalasi, anayesa popanda magalasi, anayesa kulipaka batala, osatheka. Dzuwa linafika pamutu asanasoke ngakhale kamodzi. Anatukwana singano, anatukwana magalasi, kenako anatembenukira tsitsilo.

"Ngakhale mutafa makani osasiya? Mwapempha nokha, ndiye lowani!"

Silinalowe. A Chakdor analiyang'anitsitsa. Kenako anatsitsa kansalu ka kukamwa, natenga nsonga ya tsitsilo n'kuiika pakati pa milomo, monga amachitira telala wamba wosoka zigamba. Linali ndi kakomedwe ka utsi wa m'nyumba mwawo. Zaka makumi anayi anagona pafupi ndi mutu umenewo, ndipo anali asanaganizepo kuti tsiku lina adzausowa. Analira ngati mwana, tsitsi lili kukamwa. Atalitulutsa linali lowongoka, ndipo linalowa pa singano kamodzi n'kamodzi.

Anasoka choncho mpaka kumaliza, tsitsi lililonse likudzera m'kamwa, ndipo pomaliza mzere ankaduliratu ndi mano, poti munthu amene wagwa kale m'madzi saopanso mvula ya pamutu. Sertso atawapeza anaima pakhomo n'kuwayang'ana.

"Usandiyang'ane choncho," anatero bambo ake. "Ukadzamva kuyabwa m'mutu, usadzafulumire kukanda."

Thangka inatha nthawi isanakwane. Sinali yokongola ngati zinzake. Tsitsi linali lopyapyala, pena silika ankaonekera pansi, ndipo linali lotuwa. Drolma, monga aliyense akudziwa, ndi namwali wosakalamba, ndiye aneba atabwera kudzaona anagwirana zigongono. Wina ananong'ona kuti Drolma wa kwa a Chakdor wafika pa penshoni. A Tsultrim anabwera kudzaidalitsa. Anayamba pemphero ndi liwu lawo lalikulu lija, koma atakweza maso n'kuona imvi za mlongo wawo, liwu linathawa, ndipo anangowaza barele mwakachetechete.

Mwambo wa tsiku lomaliza la masabata asanu ndi awiri aja utadutsa, Mayi Shen anatulukira. Anamva za maliro pafoni, ndipo anabwera ndi mpango woyera wautali, tiyi wodula, ndi kabotolo kawo ka mpweya. Tsitsi linali litameranso, lofiira monga kale. Anali munthu wabwino mtima, zimenezo tisawamane. Anagwira manja a Chakdor n'kulira nawo. Kenako Sertso anawauza kuti thangka ili pakhomayo yasokedwa ndi tsitsi la malemu, ndipo mayiwo anapita kukaiona pafupi. Anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu mwachisoni, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Akuti chiyani?"

Sertso anazengereza.

"Masulira mmene anenera, iwe. Lero usathire shuga."

"Akuti pepani, ababa. Lawo silinade. Akuti mwina chikhulupiriro chinali chochepa, koma tisataye mtima, iwo akawapempherera kwa Guanyin wawo uja."

Magazi anawathamangira kumutu a Chakdor. Mawu anafika pakamwa, onse, kuyambira chiboda cha Nakmo. Anayang'ana pawindo, n'kuona hatchiyo ikudya msipu, tinsalu tikuuluzika pakhosi, mchira utayamba kubwerera. Anayang'ananso mayi wa mutu wofiirayo, amene anameta mpala chifukwa cha amake.

"Uwauze kuti akunena zoona, silinade," anatero. "Amako anali amakani. Ndi Buddha yemwe sakanawasintha mtundu."

Anamwa tiyi. Atatha, a Chakdor anadzuka n'kutenga thumba lachikopa lija pamsomali, poti chimwalirireni akazi awo ntchito ya m'mawa inagwera iwo, ndipo tsikulo anali atachedwa nayo. Mayi Shen atamva kuti akupita kukazungulira kachisi anati apita nawo. Panjira anaona mkuluyo akutsimphina, mwendo wa chiboda uja, ndipo anayankhula ndi Sertso.

"Akufunsa kuti m'thumbamo muli chiyani."

"Katundu wa amako."

"Akuti ndiye awalole anyamuleko, apezeko dalitso."

Sertso anayang'ana bambo ake ndi maso oti musayerekeze. A Chakdor anaima, n'kuvula thumbalo, n'kuwaveka Mayi Shen kumsana ndi manja awo, n'kukonza lamba kuti asawapweteke paphewa.

"Uwauze kuti ayende pang'onopang'ono, kachisi akhale kudzanja lamanja. Katunduyo anachokera kutali, ndipo wadikira nthawi yaitali."

Mayi Shen anazungulira katatu, akupuma mwabefu, akupemphera m'Chitchaina, tsitsi lawo lili kumsana. A Chakdor ankabwera pambuyo, chimanjamanja, akukanda m'mutu.